Ndinakweza dzanja poti chipani chinalamula

Akonzi,

Ndipatseniko mpata m'nyuzipepala yanu kuti nditule nkhani imene yakhala ikundisowetsa mtendere kwa zaka zingapo. Ine si katswiri wa ndale. Ndine mphunzitsi wopuma pantchito, ndipo nditapuma anthu anandinyengerera kuti ndiyimire ukhansala. Ndinayima, ndinapambana, ndinakhala pampandowo teremu imodzi yokha. Dzina la chipani changa sindilitchula, ngakhalenso la khonsolo, chifukwa matenda amene ndikufotokozawa sanasankhe chipani, komanso ena mwa anthu amene ndinali nawo m'chipinda chija akadali moyo ndipo ana awo amandipatsa moni.

Ndikatsegula wailesi ndimamva anthu oyimba foni akunena kuti aphungu ndi makhansala ndi amantha, ntchito yawo n'kuombera m'manja chilichonse chimene akuluakulu a chipani anena. Sindiwatsutsa. Koma woyimba foniyo sanakhalepo mu kokasi, msonkhano wa m'chipinda wa anthu a chipani chimodzi, usiku, chitseko chitatsekedwa, mafoni atazimitsidwa. Ine ndinakhalamo, ndipo ndinachita ndendende zimene iye amanyansidwa nazo.

M'chaka changa chachiwiri khonsolo inamanga mdadada wa makalasi awiri pa sukulu ina ya pulayimale, m'dera la khansala mnzanga. Ntchito inapatsidwa kwa kontilakitala amene tonse tinkamudziwa. Mdadada utatha, mnyamata woona za zomangamanga ku khonsolo, amene anali atangoyamba kumene ntchito ndipo anali asanaphunzire kutseka pakamwa, analemba lipoti la masamba atatu. Anati simenti inachepa moti ukakanda khoma mchenga umayoyoka. Anati mitengo ya denga inali yaiwisi ndiponso yowonda kusiyana ndi imene inalembedwa pa pulani, ndipo dengalo silinamangiriridwe kukhoma ndi mawaya, linangokhazikidwa pamwamba ngati chipewa. Lipotilo ndinaliwerenga kawiri. Ndinapalasa njinga kukadzionera ndekha, ndinakanda khoma ndi kiyi, mchenga unagwera pa nsapato zanga.

Khansala wina wa chipani chotsutsa, mayi wosapsatira mawu, anapempha kuti pa msonkhano wa khonsolo yonse tikambirane zoyimitsa ndalama zotsala za kontilakitalayo mpaka atakonza ntchito, ndiponso kuti pafufuzidwe momwe anapezera ntchitoyo. Usiku woti msonkhano uli mawa tinaitanidwa. Tinalipo ife makhansala a chipani, phungu mmodzi, ndi wapampando wa chipani m'boma lathu. Palibe ndi mmodzi yemwe amene ananena kuti mdadada uli bwino. Bodza limenelo sanavutike nalo. Zimene tinauzidwa zinali zakuti munthuyu ndi amene amatipatsa malole onyamula anthu popita kumisonkhano, ndi amene amathira mafuta m'galimoto za kampeni, ndipo kutsogoloku kuli chisankho chapadera chimene otsutsa akungofuna pogwira. "Mukamupereka ameneyu, mwapereka chipani," anatero wapampando. "Tikonza tokha mwakachetechete. Zam'nyumba sitiyanika pabwalo." Kenako anatiyang'ana mmodzimmodzi, ndipo atafika pa ine anati, "Aphunzitsi, mwangoti duu. Tili limodzi?" Ndinati tili limodzi.

M'mawa mwake anati otsutsana ndi pempho la mayi aja akweze manja. Ndinakweza. Tinapambana ndi voti imodzi. Kwa nthawi yaitali ndinkadzitonthoza kuti voti imodziyo ikhoza kukhala ya aliyense wa ife, koma masamu ndinaphunzitsa zaka zambiri, ndikudziwa kuti dzanja langa likanapita mbali inayo nkhani ikanatembenuka.

Cheke chinatuluka. Kukonza kwakachetechete kuja sikunaoneke. Mvula yoyamba ya mphepo inasasula denga lonse n'kukaliponya m'bwalo la mpira. Mwayi wake linali Lamlungu. Ndikaganiza kuti likanakhala Lachiwiri cha m'ma 10 koloko, ana a sitandade 2 ali thithithi m'katimo, tulo timandithawa. Patapita masiku ndinakumana ndi mphunzitsi wamkulu wa sukuluyo, mwana amene ndinamuphunzitsa ndekha kugwira pensulo. Sanandinyoze. Anangondifunsa kuti, "Aphunzitsi, tsiku lovota lija inu munalipo?" Ndinati ndinalipo. Anati, "Oho," n'kukwera njinga yake.

Musandimve molakwa, Akonzi. Sindikunena kuti chipani n'choipa, kapena kuti wosankhidwa aliyense azingoyendera mutu wake. Mutu umodzi susenza denga. Phungu mmodzi payekha sangadutsitse bajeti, sangasinthe lamulo. Wovota naye alibe nthawi yofufuza mtima wa munthu aliyense amene wayima, amayang'ana chizindikiro cha chipani n'kudziwa kuti gulu ili lalonjeza zakutizakuti, likanama tidzalichotsa lonse pamodzi. Mwambo ukatha m'chipani, voti ya phungu aliyense imasanduka katundu wapamsika, wogula ndi amene ali ndi thumba lakuya. Zimenezo sindizilakalaka.

Ilipo nthawi imene ndinamvera chipani anthu anga akulira, ndipo mpaka lero sindidandaula nazo. Panapezeka ndalama zokwanira mlatho umodzi wokha. Anthu a m'dera langa ankaufuna, ine ndinali nditawalonjeza. Mu kokasi anatiyalira mapepala: kudera lina mtsinje ukadzaza amayi oyembekezera sankafika kuchipatala, pamene kwa ine kunali njira yozungulira, yaitali koma yodutsika. Tinagwirizana kuti mlatho upite kumeneko. Ndinavota choncho, ndinatukwanidwa pa msonkhano wa dera, ena anati ndagulitsa mlatho wawo. Koma ndinaimirira pamaso pawo n'kuwafotokozera chifukwa chake, mawu omwewo amene ndinauzidwa mu kokasi, osachotsapo kanthu. Ena anamvetsa, ena anachoka akung'ung'udza. Pamenepo chipani chinandithandiza kuona patali kuposa pamene maso anga ankafika. Za mdadada uja chifukwa chake sindikanatha kuchinena kwa munthu aliyense kunja kwa chipinda chija. Ndikanati chiyani kwa makolo, kuti ana anu aphunzire m'nyumba yowola poti mwini ntchito amatibwereka malole? Kusiyana kwa kumvera kuwiriku ndinakudziwa usiku womwe uja, sikuti ndinadikira denga kuti ligwe.

Vutoli si la lero ndipo si la dziko limodzi. Mu 1774 Edmund Burke, atangosankhidwa kukhala phungu wa mzinda wa Bristol ku Britain, anauza omusankha kuti adzawamvetsera ndi kuika zofuna zawo patsogolo pa zake, koma nzeru zake ndi chikumbumtima chake sadzazipereka kwa munthu aliyense, ngakhale kwa omusankhawo, chifukwa nyumba ya malamulo ndi ya dziko lonse. Burke yemweyo ankaikira kumbuyo zipani, ankati chipani ndi anthu amene agwirizana pa mfundo kuti atumikire dziko pamodzi. Anthu a ku Bristol sanakondwe naye pamene anavomereza zoti Ireland azichita malonda momasuka, ndipo pofika 1780 mpando uja unamuchoka. Ku Britain komweko ndi kumene kunachokera udindo wa wosungitsa mwambo pakati pa aphungu a chipani, amene amamutcha whip. Dzinali linatengedwa kwa alenje: anali munthu woyenda ndi chikwapu pambali pa agalu osaka kuti asamwazikane. Sindikupeka ine. Mpaka lero aphungu kumeneko amalandira kalata mlungu uliwonse, ndipo nkhani imene yadulidwa mizere itatu kunsi kwake ndiye kuti ubwere, uvote monga wauzidwira, popanda chowiringula. Mu Sepitembala 2019 aphungu 21 a chipani cha Conservative anavota motsutsana ndi boma la Boris Johnson pofuna kuletsa dziko lawo kutuluka mu European Union popanda mgwirizano, ndipo anachotsedwa m'gulu la aphungu a chipanicho nthawi yomweyo. Mmodzi mwa iwo anali Nicholas Soames, mdzukulu wa Winston Churchill. Wina anali Kenneth Clarke, amene anakhala m'nyumbayo kuyambira 1970. Chikwapu sichinaone imvi.

Ife a msinkhu wanga tinakula tikuloweza ngodya zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Mawu abwino onse, palibe kholo limene lingakane kuphunzitsa mwana wake zimenezi. Funso limene sitinkaloledwa kufunsa linali lakuti kukhulupirika kwa yani. Mu Sepitembala 1964, patangotha miyezi iwiri dziko litalandira ufulu, akuluakulu a boma amene anafunsa Dr. Kamuzu Banda za kulipiritsa odwala m'zipatala, za ubale ndi Apwitikizi ndi za kayendetsedwe ka boma anaona zakuda. Kanyama Chiume, Orton Chirwa, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo anachotsedwa. Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Masauko Chipembere anatula pansi maudindo pogwirizana ndi anzawowo. Onse anatchedwa zigawenga. Orton Chirwa, amene anali mtsogoleri woyamba wa Malawi Congress Party mu 1959, anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Aphungu otsala anaphunzirapo phunziro, ndipo kwa zaka pafupifupi 30 Nyumba ya Malamulo inkadziwa ntchito imodzi, yoombera m'manja. Chipani chimodzi tinachikana pa riferendamu ya 1993, koma ndikaona momwe kokasi imayendera ndimaona ngati ngodya zija tinangozigawana, chipani chilichonse chinatenga zake.

Komabe anthu okana kutsata mtsogoleri wawo anatipulumutsapo. Pa 4 Julaye 2002 bilu yochotsa malire a materemu a pulezidenti inapeza mavoti 125 pamene inkafunika 128. Atsogoleri ena a zipani zotsutsa anali atagwirizana nayo, koma ena mwa aphungu awo anakana kuwatsata. Mavoti atatu okha ndi amene anatsekereza. Ku Zambia chaka chimodzi izi zisanachitike, mu 2001, wachiwiri kwa pulezidenti Christon Tembo ndi nduna zingapo anakana zoti Frederick Chiluba ayimenso kachitatu. Anachotsedwa m'chipani cha MMD, koma Chiluba anasiya maganizo akewo. Lero timawayamikira anthu amenewa. Pa nthawiyo dzina lawo linali anthirakuwiri, ogulidwa, osayamika.

Ndipo chilango chake sichichokera kwa adani. Mu Januwale 2021 aphungu 10 a chipani cha Republican ku America anavota kuti Donald Trump azengedwe mlandu. Chisankho cha 2022 chitatha, awiri okha ndi amene anabwerera m'nyumba ya malamulo. Ena sanayimenso, ena anagwa pa chipulula. Liz Cheney, amene anali mmodzi wa akuluakulu a chipanicho m'nyumbamo, sanagonje kwa wa chipani china, anagonja kwa wa chipani chake chomwe mu Ogasiti 2022 ku Wyoming. Apa ndi pamene ndimafuna woyimba foni uja amvetse. Wosankhidwa aliyense ali ndi mabwana awiri, koma mabwanawo sakhala mtunda wofanana. Wovota amabwera kamodzi pa zaka zisanu. Wapampando wa chipani ali nawe tsiku lililonse, ndi amene amalemba mndandanda wa ovota pa chipulula, ndi amene amanong'oneza kumtunda kuti uje ndi wathu, uje tisamudalire. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Munthu woopa kuvumbwa amathawira kuphanga limene lili pafupi.

Ambiri mwa aphungu athu akafunsidwa chifukwa chimene anavotera chinthu chimene iwo eni amachinyoza kuseri, amatchula gawo 65 la malamulo oyendetsera dziko. Ndinatenga nthawi kuliwerenga gawoli. N'zoona kuti limapatsa Sipikala mphamvu zolanda mpando wa phungu amene wachoka m'chipani chimene chinamulowetsa m'Nyumba n'kukalowa china. Koma ndime yachiwiri ya gawo lomweli, imene sindinaimvepo ikutchulidwa pa msonkhano wa ndale, imanena kuti phungu wa chipani chilichonse ali ndi ufulu wonse wovota mwakufuna kwake, ndipo sangalandidwe mpando chifukwa chongovota mosiyana ndi zimene chipani chake chalangiza. Lamulo silinamange dzanja la phungu. Ku India ndi kumene linamanga: kuyambira 1985 phungu akavota motsutsana ndi lamulo la chipani chake akhoza kuchotsedwa pampando. Iwo anafika pamenepo atatopa ndi aphungu osinthasintha zipani ngati malaya, kuphatikizapo wina wa ku Haryana, Gaya Lal, amene mu 1967 anasintha katatu m'masiku owerengeka. Anachiza nthenda imodzi n'kubweretsa ina, poti tsopano phungu wa kumeneko sangatsutse mtsogoleri wake ngakhale ataona dzenje patsogolo.

Osinthasintha zipaniwo ife timawadziwa bwino, ndipo sindikufuna kuti kalata yanga iwapatse pobisala. Bingu wa Mutharika atachoka mu UDF mu 2005 n'kuyambitsa DPP, aphungu ambiri anamutsatira, ndipo mkangano wa gawo 65 unachedwetsa bajeti ya 2007 kwa miyezi, zipatala ndi sukulu zikudikira. Otsutsa ankati gawo 65 poyamba, boma linkati bajeti poyamba, mbali zonse ziwiri zinkalumbira kuti zikumenyera anthu. Mu Epulo 2012 Bingu atamwalira, ena amene dzulo lake ankanyoza Joyce Banda anadzuka atavala makaka a chipani chake. Mawu ake ndi amodzimodzi nthawi zonse: "anthu a kudera kwanga andituma kuti ndigwire ntchito ndi boma." Sindinamvepo phungu amene anthu ake anamutuma kuti achoke m'boma akalowe kotsutsa chisankho chili kutali. Munthu wotere sanasankhe anthu m'malo mwa chipani, wangosankha mimba yake. Wokana chifukwa cha chikumbumtima umamudziwa poti kukanako kumamuluzitsa kanthu. Wopita kumene kuli unduna ndi galimoto asatiuze za chikumbumtima.

Chimene chimandipweteka n'chakuti malamulo omwewo anali ndi gawo 64, lopatsa anthu mphamvu zochotsa phungu wawo teremu isanathe. Aphungu analichotsa mu 1995, lisanagwirepo ntchito ndi kamodzi komwe. Gawo 12 limanena kuti mphamvu zonse zolamulira zimachokera kwa anthu ndipo olamulira amangosungiridwa. Koma chingwe cha anthu chinadulidwa, cha chipani chinatsala. Ndikudziwa kuti gawo 64 lili ndi zovuta zake, olephera pachisankho akhoza kumangosonkhanitsa masiginecha chaka chonse, phungu osagwira ntchito. Zimenezo zimatheka kuziikira malire. Kulichotseratu kunali kuuza phungu kuti bwana wako weniweni ndi uyu.

Nkhani ya ku South Africa ndimaiganizira kawirikawiri chifukwa imandikumbutsa dzanja langa. Kumeneko anthu amavotera chipani, chipani n'kumasankha okhala pamipando kuchokera pa mndandanda wake, moti wochotsedwa m'chipani wachotsedwanso m'Nyumba. Pa nkhani ya ndalama za boma zimene zinagwiritsidwa ntchito panyumba ya pulezidenti wa nthawiyo Jacob Zuma ku Nkandla, aphungu a chipani chake cha ANC anamutchinjiriza mpaka khothi lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula mu Malichi 2016 kuti Nyumba ya Malamulo inalephera udindo wake. Chaka chotsatira khothi lomwelo linakumbutsa aphungu kuti lumbiro lawo ndi la dziko ndi malamulo ake, mulibe dzina la chipani, ndipo linati Sipikala ali ndi mphamvu zolola voti yachinsinsi. Pa 8 Ogasiti 2017 anavota mwachinsinsi ngati Zuma achoke. Ofuna kuti achoke anali 177, okana 198. Zipani zonse zotsutsa pamodzi zinali ndi mipando 151, ndiye kuti aphungu a ANC osachepera 26 anavota motsutsana ndi mtsogoleri wawo. Anthu omwewo pa mavoti apoyera ankakweza manja limodzi ndi anzawo. Makhosi Khoza, mayi amene analankhula poyera kuti Zuma achoke, analandira ziopsezo ndipo anatuluka m'chipanicho chaka chomwecho.

Ndadzifunsa kuti voti ya mdadada ija ikanakhala yachinsinsi ndikanatani. Ndikanavota ndi mayi aja, sindikukayika. N'zochititsa manyazi kuvomera kuti chikumbumtima changa chinkafuna mdima kuti chigwire ntchito, koma ndi mmene zinalili. Kenako ndinadzifunsanso kuti nanga makolo a ana aja akanadzaza m'holo ya khonsolo, kapena ndikanadziwa kuti mawa mayina athu akhomedwa pa chitseko cha sukulu, uje anavota chakuti, uje chakuti, ndikanatani. Ndikuganiza kuti dzanja likanalemera, silikanakwera. Ndiye vuto silinali lakuti voti inali yapoyera kapena yachinsinsi. Inali yapoyera kwa wapampando, amene anakhala kumbuyo kwa holo akuwerenga manja, ndipo inali yachinsinsi kwa makolo, amene sanadziwe n'komwe kuti tsiku limenelo kuli voti yokhudza ana awo. Mphunzitsi wamkulu uja anachita kundifunsa pamsewu ngati ndinalipo, chifukwa panalibe pena poti akaone.

N'chifukwa chake ndikupempha inu atolankhani chinthu chimodzi chimene simufunikira chilolezo cha wina aliyense kuti muchichite. Pakakhala voti yokhudza ndalama za anthu, kaya ku Nyumba ya Malamulo kaya ku khonsolo, musamangolemba kuti "Nyumba yavomereza." Nyumba ilibe dzanja. Pamene mavoti awerengedwa ndi mayina, sindikizani mayinawo, dera ndi dera. Pamene angofuula kuti eya ndi ayi, lembani kuti anakana kuwerengedwa. Misonkhano ya khonsolo yonse anthu amaloledwa kukamvera, koma pa zaka zanga zonse mipando ya alendo inkakhala yopanda anthu, kupatula anyamata a chipani.

Chinanso ndi nkhani ya malole aja. Chipani chilibe munda, chilibe fakitale, koma msonkhano umodzi umadya ndalama zimene mphunzitsi sangazione pa chaka. Zimachokera kwa wina, ndipo winayo sapereka chifukwa chokonda nyimbo za chipani. Lamulo la zipani la 2018 limati zipani ziziulula amene azipatsa thandizo lalikulu. Likanamatsatidwa mokwanira, bwenzi tikuyika mndandanda wa othandiza chipani pambali pa mndandanda wa opatsidwa makontilakiti, aliyense n'kudziwerengera yekha. Usiku uja ife tinkati tikuteteza chipani, koma chipani chenicheni, amayi amene amavina padzuwa ndi achinyamata amene amakhoma mbendera, sanapindulepo kanthu. Ana awo ndi amene anakaphunzira pansi pa mtengo. Tinateteza munthu mmodzi ndi ngongole imene akuluakulu anali nayo kwa iye.

Mwina mukufuna kudziwa ngati ndinaphunzirapo kanthu. Chaka changa chachinayi kunabwera nkhani ina, ya mndandanda wa anthu oti alandire thandizo pa nthawi ya njala. Tinauzidwa kuti mayina adzere kwa apampando a nthambi za chipani, "kuti athu asatsale." Ndinanena mu kokasi kuti njala ilibe khadi la chipani ndipo ine sindisainira. Panali zii. Wapampando anangoti, "Tamva, aphunzitsi." Palibe anandiopseza, palibe anandikalipira. Kungoti foni yanga inasiya kulira. Misonkhano ndinkaimva itachitika kale. Pa maliro a mnzathu wina wa m'chipani anayitana makhansala onse kutsogolo, dzina langa linadumphidwa, ndinakhala kumbuyo ndi chipewa m'manja. Zimenezi kuzilemba zikuoneka zazing'ono, koma anthu amenewa ndinayenda nawo pamvula, ena anandithandiza pamene mkazi wanga anali m'chipatala. Kukhulupirika kuchipani si mantha okha ayi, muli chibale, muli ngongole ya mtima, ndipo wokuuza kuti ukweze dzanja nthawi zambiri ndi munthu amene anakuchitirapo zabwino.

Pa chipulula ndinapeza kuti malo ovotera asinthidwa m'mawa womwewo, ndipo nthambi zina zimene sindinazimvepo zinabwera pa malole. Ndinagwa. Ndinayima pandekha, poganiza kuti anthu amene ndinawamenyera pa mndandanda uja andikumbukira. Ndinakhala wachitatu. Gogo wina amene dzina lake linalowa pa mndandanda chifukwa cha kukana kwanga anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Inu ndinu munthu wabwino, koma mwataya chipani, ndiye chitukuko mudzachitenga kuti?" Sindinamukwiyire. Iye anaona zimene zimachitika, kuti dera limene lavotera kolakwika limadikira. Koma apa ndi pamene ife ovota tiyenera kudziyang'ana. Timafuula kuti tikufuna atsogoleri olimba mtima, akapezeka timawasiya okha padzuwa, n'kuvotera amene chipani chatipatsa ngakhale sitikumudziwa nkhope. Andale amaona zimenezi ndipo amawerenga bwino masamu ake. Mnyamata wa lipoti uja anasamutsidwa patangotha miyezi itatu, kupita ku ofesi ina yakutali, ndipo palibe aliyense wa ife, wolamula kapena wotsutsa, amene anafunsa chifukwa chake.

Pa kampeni yapitayi ndinapita kumsonkhano wina kumene oyimira uphungu ankayankha mafunso a anthu. Ndinakweza dzanja, ulendo uno mwakufuna kwanga, ndipo anandipatsa maikolofoni. Ndinafunsa funso limodzi kwa onse: tiuzeni chinthu chimodzi chimene chipani chanu chitakulamulani kuti muchite mungakane, ngakhale zitatanthauza kutaya mpando. Woyamba anayankha za misewu. Wachiwiri anati funsolo ndi labwino kwambiri ndipo adzalilingalira. Wachitatu, amene anadzapambana, anaseka n'kunena kuti, "Bambo, chipani chathu sichingandiuze zolakwika." Anthu anaimba nthungululu ndi kuomba m'manja. Ndinafuna kufunsanso, koma mdzukulu wanga amene anandiperekeza anandikoka jekete kuti ndikhale pansi, maikolofoni inali itapita kale kwa wina.

Ine wanu,
Khansala wakale